Sikirini Yachiwiri ya Bambo Anga

Ndinabwera nayo pa basi kuchokera ku Santiago,
nditaikulunga m'bulangete ngati wodwala,
kenako masitepe osatha a phiri la Cordillera
mpaka pakhomo pa bambo anga, a Evaristo,
amene maso awo ayamba kuchita nkhungu
ngati doko la Valparaíso m'mamawa wa Julaye.

Sikirini yaikulu, kuti zilembo zinenepe ngati nyemba.
Ndinaikhazika pambali pa yakale yaing'ono ija,
chingwe tswii kumbuyo kwa kompyuta,
batani dinu.
Kanyali kabuluu kanaphethira kawiri n'kusanduka kachikasu.
Pagalasi lakuda, timawu tikungoyandama:
palibe chikubwera.

"Yafa?" anafunsa bambo, chipewa chili kumutu m'nyumba momwemo.
Sinafe ayi, ndinatero. Sizikuonana basi.
Kompyuta ikuumirira kuti m'chipinda muno
muli sikirini imodzi yokha.
Ndinaiuza ifufuzenso. Inafufuza. Inakananso
ngati kalaliki amene sakupeza dzina lako m'kaundula
iwe uli chilili pamaso pake.

Ndinazimitsa zonse, ndinawerenga mpaka khumi, ndinayatsa.
Zii.
Ndinafwanthula m'dilowa kusaka chingwe china:
mabatire otupa, malisiti a gasi,
magalasi a malemu mayi, mwendo umodzi womanga ndi ulusi.
Chingwe ndinachipeza. Ndinauzira mpweya m'kabowo
ngakhale ndikudziwa kuti mpweya suchiza kanthu.

Mvula inayamba kuwaza pamalata.
"Ximena," anatero bambo, "kudoko kuja,
sitima ikapanda kuyankha pa wailesi
sitinkathamangira kunena kuti yamira.
Tinkayamba tadzifunsa ngati tatchera khutu poyenera."
Choncho ndinapapasa timabatani tobisika kunsi kwa sikirini
n'kupeza kuti inkadikira mlendo pakhomo lina.
Ndinaitembenuzira khomo lolondola.
Mtima phaphapha.
Mdima womwe uja.

Ndinakoka pulogalamu yatsopano yoyendetsa zithunzi,
kamzere kakukwawa ngati nkhono pakhoma lonyowa.
Tiyi anazizira. Mnyamata wa nyumba yoyandikana, Nahuel,
anasuzumira, anati mwina ndi chingwe, anatenga buledi, anapita.

Ndinakwawira pansi pa tebulo, foni ili kukamwa ngati tochi,
fumbi m'mphuno, bondo pa waya, ndikutukwana chamumtima.
Ndipo ndinamva mafupa akulira pambali panga.
Bambo agwada.
Sakuona kanthu mumdimamo, komanso sakufuna kuona:
zala zimene zinapapasa maloko a makontena zaka makumi atatu
zikuyenda kumsana kwa bokosilo pang'onopang'ono,
bowo ndi bowo.

"Chingwe cha yakaleyi chalowa pansi apa, pofunda.
Chakocho wachiika pamwamba, pozizira.
Pali makomo awiri ofanana, mwanawe.
Linali ndi la nyumba yosagonamo anthu."

Ndinazula. Ndinatsitsa chikhatho chimodzi chokha. Ndinalowetsa.
Pamwamba pathu chinachake chinalira kuti ding'i,
ndipo kuwala kunatsikira pansi pa tebulo
n'kugwera pa imvi zawo.

Sitinadzuke msanga. Iwo sakanatha, ine sindinafune.

Kenako kamuvi kanasochera:
ndikakankhira kumanja, kakukatulukira kumanzere,
mpaka ndinaiuza kompyuta mbali imene mnzakeyo wakhala.
Ndinakulitsa zilembo kawiri, katatu.
Anapempha ndandanda wa sitima zofika mawa,
anasendeza mpando, mphuno pafupi ndi galasi,
nawerenga okha, chilembo ndi chilembo,
dzina la sitima ya makontena yochokera ku Callao,
n'kudandaula kuti yachedwa ndi maola asanu ndi limodzi
ngati kuti akadali ndi chidindo m'thumba.

"Ikuwala kwambiri," anatero. "Chepetsako."
Ndinachepetsa.
Basi yomaliza inali itapita kalekale.
Bulangete lija ndinafunda ndine.